Pierre Curie: anadziwotcha mkono kuti adziwe mphamvu ya cheza

Ngati munaperekezapo mayi woyembekezera ku chipatala cha boma cha Kasungu, n'kuona mwana akutakataka m'mimba pa makina ojambulira, ndiye kuti munaona chipatso cha ntchito ya Pierre Curie.

Curie anabadwira ku Paris, m'dziko la France, pa 15 Meyi 1859. Ali mwana sanapite kusukulu ngati anzake. Makolo ake anaona kuti amamva zinthu mwa njira yakeyake, choncho ankamuphunzitsira pakhomo. Atafika zaka 18 anali atatenga kale digiri ya sayansi. Makolonu, musafulumire kutaya mtima ndi mwana wooneka wochedwa m'kalasi.

Mu 1880, iye ndi mkulu wake Jacques anapeza kuti miyala ina yonyezimira, monga quartz, imatulutsa magetsi ikafinyidwa. Kenaka anatsimikiza kuti ikalandira magetsi imasintha pang'ono kukula kwake. Kachipangizo kamene adokotala amayendetsa pamimba kamagwira ntchito motero: kamanjenjemera n'kutumiza mafunde a phokoso limene khutu silimva, ndipo mafundewo akabwerera amasanduka chithunzi. Muwauze amayi kuti kujambula kumeneku kulibe cheza chowotcha.

Mu 1895, chaka chimene anakwatira Marie Skłodowska, Curie anamaliza kafukufuku wa maginito. Anaonetsa kuti chitsulo chikatentha kwambiri maginito saachikokanso mwamphamvu. Kwa chitsulo zimenezi zimachitika pa madigiri pafupifupi 770, ndipo mpaka lero malire amenewa amatchedwa ndi dzina lake.

Mu 1898 banjali linatulukira polonium ndi radium, zinthu zotulutsa cheza champhamvu. Mu 1901 Pierre anamangirira radium pamkono wake kwa maola 10. Khungu linafiira, linasanduka chilonda, ndipo patatha miyezi pafupifupi iwiri chinali chisanapoleretu. Apa anazindikira kuti cheza chimapha maselo a thupi, ndipo madokotala a ku Paris anayamba kuchiyesa pa zotupa. Chithandizo chowotcha khansa ndi radium, kuphatikizapo ya khomo la chiberekero imene ikupha amayi ambiri m'Malawi muno, chinayambira kumeneko. Mu 1903 iye, mkazi wake ndi Henri Becquerel analandira mphoto ya Nobel.

Lero akatswiri akuphatikiza nthambi ziwirizi. Maginito akuda amene mumawaona kuseri kwa sipika ya wailesi ndi a ferrite, msanganizo wa dzimbiri la chitsulo ndi zitsulo zina. Akatswiri amapanga ferrite wosalala kuposa fumbi, n'kumuwomba ndi tizidutswa ta maatomu tothamanga kwambiri. Tizidutswato timasuntha maatomu m'malo awo, ndipo mphamvu ya maginito komanso kasungidwe ka magetsi zimasintha. Fumbi lamaginito lotere akuliyesanso potenthetsa zotupa za khansa kuchokera m'kati.

Curie sanaone zonsezi. Pa 19 Epulo 1906, kukugwa mvula, anagwa powoloka msewu wa Dauphine ku Paris, ndipo ngolo yokokedwa ndi mahatchi inamuponda mutu. Anali ndi zaka 46, ndipo nthawiyo n'kuti akuvutika kale ndi kuphwanya kwa mafupa komanso zala zowonongeka ndi radium.

Cheza chimachiritsa chikapimidwa bwino, koma chimawononga chikaseweretsedwa. Choncho mayi amene ali ndi pakati, kapena akudzikayikira, azinena asanajambulidwe X-ray. Ndipo wodwala khansa akamutumiza kokawotcha chotupa, mulimbikitseni apite ndi kukamaliza masiku onse amene amupatsa.