OTTO LOEWI: DOTOLO AMENE ANAPEZA NZERU M'MALOTO

Bambo Otto Loewi anabadwira mu mzinda wa Frankfurt m'dziko la Germany pa 3 June, 1873, ndipo anali a mtundu wa Ayuda. Anatsiriza maphunziro a udotolo ku Strasbourg m'caka ca 1896. Pogwira nchito m'cipatala, anamva cisoni poona anthu ambiri alikufa ndi cifuwa cacikulu ndi cibayo popanda mankhwala owaciritsa. Motero analeka kuona odwala nayamba kufufuza za m'mene thupi ligwirira nchito. M'caka ca 1909 anakhala mphunzitsi wamkulu pa Univesiti ya Graz ku Austria.

Masiku amenewo akatswiri anali kutsutsana za m'mene mitsempha ya uthenga ilamulira ziwalo za thupi. Ambiri anali kukhulupirira kuti uthengawo umadutsa ndi mphamvu ya magetsi yokha, pamene ena anali kuganiza kuti mitsemphayo imatulutsa mankhwala ake.

Usiku wina Bambo Loewi analota njira yothetsera mkanganowu. Anadzuka nalemba pa kapepala, koma m'mawa analephera kuwerenga zimene analembazo. Usiku wotsatira lotolo linabweranso, ndipo anapita kunchito nthawi yomweyo.

Anatenga mitima iwiri ya acule, yomwe imapitiriza kugunda ikasungidwa m'madzi a mcere. Atatokosa ndi magetsi mtsempha wa mtima woyamba, mtimawo unayamba kugunda pang'onopang'ono. Kenaka anatunga madzi a mtima umenewo nawathira mu waciwiri, ndipo nawonso unacepetsa kugunda ngakhale sunakhudzidwe ndi magetsi. Apa panaoneka poyera kuti mtsempha unatulutsa mankhwala m'madzimo. Anafalitsa zimenezi m'caka ca 1921, ndipo pambuyo pake kunadziwika kuti mankhwalawo ndi acetylcholine. M'caka ca 1936 analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Bambo Henry Dale a ku Britain.

Ulemu umenewu sunawateteze. Pamene asilikari a Hitler analowa mu Austria m'caka ca 1938, Bambo Loewi anaponyedwa m'ndende cifukwa ca mtundu wao. Kuti aloledwe kucoka m'dzikomo anakakamizidwa kupereka cuma cao, pamodzi ndi ndalama za mphothoyo. Anafika ku New York m'caka ca 1940, nayambanso nchito yofufuza. Anamwalira komweko pa 25 December, 1961.

Nchito yao inatsegula njira yomvetsera tulo. Lero madotolo ali ndi makina amene amajambula mphamvu ya magetsi ya pamwamba pa bongo monga mafunde a pamadzi. Munthu akakhala maso, acetylcholine amacuruka m'bongo pamodzi ndi mankhwala ena ochedwa noradrenaline ndi serotonin, ndipo mafundewo amakhala ang'ono ndi ofulumira. M'tulo tofa nato mankhwalawa amacepa, ndipo mafunde amakula nayenda pang'onopang'ono. Koma pa tulo tamaloto, acetylcholine amacurukanso pamene enawo atsika kwambiri, kotero kuti bongo umacita monga wa munthu amene ali maso, ngakhale thupi lili gone pamphasa.

Cotero mankhwala amene Bambo Loewi anawapeza cifukwa ca loto ndi omwewo amene amadzutsa bongo wa munthu pamene alikulota.