Inácio Woyera wa ku Loyola, Msilikali Wotsimphina

Pamene tikukondwerera zaka 100 za parishi yathu, sitingaleke kutchula tate wa ansembe a Chipani cha Yezu, amene adatsegula mamishoni akale a kuno ku Tete, monga Boroma ndi Lifidzi. Ambirife timangomuona pa chithunzi, nkhalamba yadazi yovala mkanjo wakuda, osadziwa kuti munthuyo adayenda chotsimphina zaka 35.

Inácio adabadwa chaka cha 1491 ku Loyola, kumpoto kwa dziko la Espanha, ndipo anali wotsiriza mwa ana 13. Adakulira m'nyumba za akuluakulu, nakonda zovala zokongola, lupanga ndi kutamandidwa. Pa 20 Meyi 1521, akuteteza linga la Pamplona, chipolopolo cha mzinga wa asilikali a ku França chidamphwanya mwendo wakumanja ndi kulasa winawo. Adani omwewo adammanga mabala, namtumiza kwao pa machira. Kumeneko asing'anga adapeza kuti mafupa adalumikizika mokhota, choncho adawathyolanso. Masiku amenewo kunalibe mankhwala ogonetsa, koma iye sadakuwe, adangofumbata manja. Atachira, fupa lina lidatsala litatuluka pansi pa bondo, ndipo mwini wake adalamula kuti alicheke, pofuna kuti nsapato zazitali za anthu olemekezeka zizimkhala bwino. Kupirira anali nako kale, komatu kunali kupirira kwa munthu wonyada.

Ali chigonere miyezi yambiri, adapempha mabuku a nthano za ankhondo, koma m'nyumbamo mudangopezeka buku la moyo wa Kristu ndi lina la mbiri za anthu oyera. Adawerenga posowa chochita. Pang'onopang'ono adazindikira kuti akamalingalira za ulemu wa pansi pano ankakondwa kanthawi, pambuyo pake mtima nkutsala gwaa. Koma akamaganiza zotsata Francisco ndi Domingos oyera, chimwemwe chinkakhalitsa.

Mu Malichi 1522 adasiya lupanga lake pamaso pa Amayi Maria ku Montserrat, napatsa wopemphetsa zovala zake, nakakhala ku Manresa pafupifupi chaka chathunthu. Kumeneko adasokera monga amasokerera ambiri ongotembenuka mtima kumene: adayesa kuti kuzunza thupi ndiko kuyera. Ankapemphera chogwada maora 7 pa tsiku, osameta tsitsi, osawenga zikhadabo. Kenaka mantha adamgwira akuti mwina sadalape bwino machimo ake. Ankabwerezabwereza kulapa osapeza mtendere, kufikira adayesedwa kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba, afe. Adasala kudya sabata yathunthu, mpaka wansembe womlapitsa adamlamula kuti adye, iye namvera. Mtendere utabwerera adameta, nawenga zikhadabo, koma m'mimba mwake simudakhalenso bwino mpaka imfa.

Mayeso amene ine ndimawaona aakulu kopambana sadali a magazi ayi. Atamkaniza kukhala ku Yerusalemu mu 1523, adaona kuti sangathandize mizimu ya anthu popanda maphunziro. Tsono mu 1524, ali ndi zaka 33, adakakhala pa benchi limodzi ndi tianyamata ku Barcelona, kuphunzira Chilatini. Ife ophunzitsa katekisimu timawadziwa manyazi a munthu wamkulu wokhala pakati pa ana, ndiponso unyinji wa amene amathawa kalasi poopa kusekedwa. Chodabwitsa nchakuti Inácio akati atsegule buku, m'mutu mwake munkadzaza maganizo okoma a za Mulungu, kotero kuti sankatha kuloweza kanthu. Wina akadawayesa chaulere chochokera kumwamba. Iye adawazindikira kuti nchinyengo chomchotsa pa ntchito yake, nakalonjeza kwa mphunzitsi kuti sadzajomba kwa zaka ziwiri, malinga apeze buledi ndi madzi.

Ku Alcalá adamtsekera m'ndende masiku 42, ku Salamanca masiku 22, pomkayikira chifukwa ankaphunzitsa za Mulungu asanatsirize sukulu. Konseko sadampeze ndi chiphunzitso chonama. Mu 1528 adafika ku Paris, nayambiranso Chilatini pakati pa ana. Mnzake wina amene adamsungitsa ndalama adazidya zonse, Inácio natsala wopemphetsa. Koma atamva kuti munthuyo ali kudwala ku Rouen, adayenda pansi masiku atatu, wopanda nsapato ndi osadya, kukamuona.

Ku Paris komweko adagona chipinda chimodzi ndi Pedro Fabro ndi Francisco Xavier. Pa 15 Ogasiti 1534 iwo atatu ndi anzao anayi adachita malumbiro ku Montmartre, ndipo mu 1540 Papa Paulo III adavomereza Chipani cha Yezu. Chaka chotsatira Xavier, ali pa ulendo wa ku Índia, adakhala miyezi ingapo pa Ilha de Moçambique akusamala odwala. Inácio, amene ankalakalaka maulendo otere, adatsala ku Roma zaka 15 monga mkulu wa chipani, akulemba makalata zikwizikwi m'kachipinda. Iye amene adaononga thupi lake ku Manresa ndiye adalembera Francisco de Borja kuti achepetse kusala ndi kudzikwapula, ndipo ankasamala ana ake odwala monga mayi.

Madzulo a pa 30 Julaye 1556 adapempha mlembi wake, Bambo Polanco, kuti akamtengere dalitso la Papa. Mlembiyo, poona kuti asing'anga sakuda nkhawa ndiponso kuti panali makalata ofunika kutumiza, adapempha kuti apite mawa lake, Inácio nalola. M'mamawa wa pa 31 Julaye adamwalira, dalitsolo lisanafike, osalandira ngakhale mafuta a odwala. Papa Gregório XV adamlemba m'gulu la oyera pa 12 Malichi 1622, tsiku limodzi ndi Francisco Xavier.