STUDS TERKEL, MUULUTSI WODZIWA KUMVETSERA

Tikauzidwa kuti tilembe za munthu wotchuka, ambirife timathamangira andale kapena akatswiri a mpira. Ine ndasankha malemu Studs Terkel, muulutsi wa pa wailesi wa ku America, yemwe ntchito yake yaikulu inali kufunsa mafunso kenaka n'kutchera khutu.

Mkuluyu anabadwira ku New York pa 16 May 1912, ndipo dzina lake lenileni linali Louis. Ali mwana, banja lawo linasamukira ku Chicago komwe makolo ake ankayendetsa nyumba yogona alendo. M'nyumbamo munkakhala anthu apantchito wamba omwe madzulo ankatsutsana za ndale ndi za malipiro, mnyamatayo ali phee kumvetsera. Mmene ndikuonera ine, sukulu yake yeniyeni inali imeneyi, ngakhale kuti mu 1934 anamaliza maphunziro a zamalamulo pa University of Chicago. Ntchito ya uloya sanaigwire, ndipo ndikudziwa kuti makolo ena owerenga pano apukusa mutu.

Anayamba ndi zisudzo za pa wailesi, kenaka anapatsidwa pologalamu pa wailesi ya kanema yotchedwa Studs' Place. Tsono nthawi imeneyo ku America ankasakasaka anthu oganiziridwa kuti ndi achikomyunizimu. Terkel anali atasainira zikalata zambiri, zina zodzudzula tsankho lomwe anthu akuda ankakumana nalo. Mabwana ake atamuuza kuti angonena kuti anachita kupusitsidwa, iye anakanitsitsa. Pologalamu ija inathera pomwepo ndipo ntchito inayamba kumusowa.

Mu 1952 wailesi ya WFMT ya ku Chicago komweko inamutenga, ndipo anakhalako zaka 45 mpaka 1997. Anacheza ndi anthu ngati Martin Luther King, mlembi James Baldwin ndi woyimba Mahalia Jackson. Mu 1963 anafika ku South Africa komwe anakacheza ndi Mfumu Albert Luthuli, yomwe boma latsankho linali litailetsa kuyenda momasuka.

Koma chimene chimandigwira mtima ine si alendo otchukawa ayi. Terkel ankanyamula makina ojambulira mawu n'kupita kwa anthu omwe palibe mtolankhani ankawalabadira. Makinawo ankamuvuta kwambiri, mwakuti nthawi zina mwini nkhani ndiye ankamuuza kuti tepi sikuzungulira. Izi zinkachotsa mantha, poti munthu ankaona kuti wabwerayo ndi wosowa thandizo ngati iye yemwe. Akatero ankamasuka n'kukhuthula za kukhosi. Mu buku la Working, lomwe linatuluka mu 1974, mukulankhula anthu monga wokumba manda, mayi woperekera zakudya, wozimitsa moto ndi wogwira ntchito m'fakitale ya zitsulo, aliyense kufotokoza mmene ntchito yake imamukomera kapena kumuwawira. Buku lina, The Good War, lonena za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, linamupezetsa mphotho ya Pulitzer mu 1985.

Ndi kutchuka konseku, bamboyu sanaphunzire kuyendetsa galimoto. Ankakwera basi, atavala shati ya mandalasi ofiira ndi sokosi zofiira, n'kumacheza ndi aliyense woimirira naye pa siteji.

Mkazi wake Ida, yemwe anakwatirana naye mu 1939, anamwalira mu 1999. Terkel anatsatira pa 31 October 2008 kunyumba kwake ku Chicago ali ndi zaka 96. Mu 2018 mapologalamu ake ambiri anaikidwa pa intaneti kuti aliyense azitha kuwamvera.