Mayi Ida Chilembwe, mphunzitsi wa ku Mbombwe

Anzanga, tonse timamudziwa John Chilembwe. Nkhope yake ili pa K500 ndi pa K2000, pa 15 January timakhala pa holide chifukwa cha iye, ndipo mu History timaloweza za kuukira kwa 1915. Koma nditafunsa anzanga angapo a m'kalasi dzina la mkazi wake, onse anangoti kukamwa yasa. Chonsecho ku Mbombwe, kumene mayiyu ankakhala, n'komwe kuno ku Chiradzulu, ndipo ena mwa ife timapemphera ku PIM komweko. N'chifukwa chake ndati ndilembe za Mayi Ida Chilembwe.

Chilembwe anapita ku America mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, nakaphunzira za ubusa ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Atabwerako mu 1900 anayambitsa mishoni ya Providence Industrial Mission mothandizidwa ndi mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention. Mpingowo unatumiza Landon Cheek mu 1901, kenako Emma DeLany mu 1902. Mayi DeLany ndi amene anayamba kuphunzitsa amayi ndi atsikana a pamishonipo. Pamene amishoni awiriwa anabwerera kwawo, ntchito ya amayi inatsala m'manja mwa Mayi Ida.

Ankaphunzitsa kusoka. Lero wina anganene kuti aa, kusoka basi? Koma taganizirani nthawi imeneyo. Anthu ambiri a dera lino ankagwira thangata m'maesiteti a azungu, monga a A. L. Bruce ku Magomero, ndipo nsalu inali yovuta kuipeza. Azungu ena sankafuna n'komwe kuona munthu wakuda atavala chipewa kapena nsapato pamaso pawo. Ndiye mtsikana wa kumudzi akaphunzira kudula nsalu, kusoka diresi lake ndi malaya a mwana, amakhala wapeza luso lodzithandizira komanso ulemu umene ena ankamumana. Pa zithunzi zakale za pamishoni, Mayi Ida amaoneka atavala diresi lalitali la manja aatali, ndipo pa chithunzi china ali pakati pa ophunzira awo a kalasi ya zosoka.

Banjali linali ndi ana aamuna awiri, John amene ankatchedwanso Charlie, ndi Donald. Mwana wamkazi, Emma, anamwalira ali wamng'ono.

Usiku wa pa 23 January 1915 kuukira kunayamba, ndipo William Jervis Livingstone anaphedwa ku Magomero. Boma la atsamunda linabwezera mwankhanza. Tchalitchi chachikulu cha njerwa cha ku Mbombwe, chimene anthu anangomaliza kumanga mu 1913, asilikali anachiphulitsa. Sukulu za mishoni zinatsekedwa, amuna ambiri anaphedwa ndipo ena anamangidwa. Chilembwe anawomberedwa pa 3 February cha ku Mulanje. Pa masabata awiri okha Mayi Ida anataya mwamuna, tchalitchi, kalasi yawo ndi anzawo amene ankapemphera nawo, n'kutsala ndi ana aang'ono m'dziko limene dzina loti Chilembwe linali loopsa kulitchula. Iwo anamwalira mu 1918 ndi mliri wa fuluwenza umene unapha anthu mamiliyoni padziko lonse. Anyamata awiri aja anakula ngati ana amasiye.

Mishoni inakhala yotseka mpaka 1926 pamene Dr Daniel Malikebu, yemwe ali mwana anaphunzitsidwa ndi Mayi DeLany, anabwera kudzaitsegulanso. Mu 2022 chiboliboli cha Chilembwe chopangidwa ndi Samson Kambalu chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London. Zonsezi n'zonyaditsa, koma ine ndikuona kuti tikumbukira theka la nkhani tikaiwala mayi amene ananyamula zotsatira zake.

Ndili ndi pempho kwa a History Club ndi aphunzitsi athu. Chaka chamawa tikamakonza sewero la Chilembwe Day, pakhale gawo la Mayi Ida ndi kalasi yawo. Ndipo kwa inu atsikana anzanga amene mukuganiza zosiya sukulu chifukwa cha mtunda kapena chibwenzi, kumbukirani kuti zaka zoposa 100 zapitazo, m'boma lathu lomwe lino, kunali mayi amene ankaphunzitsa atsikana kuti adzadziimire paokha. Tiyeni tilembe MSCE.

Wophunzira wa Fomu 3