Henrietta Lacks: mayi amene maselo ake akali moyo mpaka lero

Ngati mwana wanu wamkazi adabayidwa katemera wa HPV kusukulu, kaya ndi ku Chileka, ku Lirangwe kapena mudzi wina uliwonse wa kwa Kuntaja, pali mayi wina wa ku America amene mbiri yake ikukukhudzani. Dzina lake ndi Henrietta Lacks. Adamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero mu 1951 ali ndi zaka 31 zokha, koma maselo omwe madokotala adadula pa chotupa chake akuswanabe m'malabotale a padziko lonse. Mbiri yake ili ndi funso lomwe asayansi akulimbana nalo mpaka pano: n'chifukwa chiyani khansa ina imamva mankhwala pomwe ina imabwerera mwaukali?

Henrietta adabadwa pa 1 August 1920 ku Roanoke m'chigawo cha Virginia. Mayi ake adamwalira pobereka mu 1924, ndipo bambo ake adagawa anawo kwa achibale. Iye adakulira kwa agogo ake aamuna m'mudzi wa Clover, m'kanyumba kamitengo komwe kale kadali kogona akapolo. Banjalo linkadalira fodya, choncho sukulu sadapite nayo patali. Mu 1941 adakwatiwa ndi David Lacks, ndipo adasamukira ku Turner Station pafupi ndi mzinda wa Baltimore, komwe mwamunayo adapeza ntchito pa fakitale ya zitsulo. Adabereka ana asanu.

Patangopita miyezi yochepa chibadwire mwana wachisanuyo, mayiyu adayamba kutaya magazi nthawi yomwe siyamsambo, komanso ankamva ngati muli mfundo m'chiberekero. Pa 29 January 1951 adapita ku chipatala cha Johns Hopkins, chimodzi mwa zipatala zochepa m'deralo zomwe zinkalandira anthu akuda, ngakhale zinkawagoneka m'mawodi awoawo. Dr Howard Jones adapeza chotupa pa khomo la chiberekero, ndipo zotsatira za kulabotale zidati ndi khansa ya gawo loyamba, kutanthauza kuti inkaoneka ngati sidafalikire kwina.

Thandizo la nthawi imeneyo lidali kuika timachubu ta radium pa khomo la chiberekero kuti tiwotche chotupacho, kenako kumuwomba ndi mphamvu ya X-ray. Ali m'tulo ta mankhwala, dokotala adadula tizidutswa tiwiri, kena pa chotupa kena pamalo abwinobwino, n'kutumiza ku labotale ya Dr George Gey. Palibe adamupempha chilolezo kapena kumuuza, ndipo malamulo a masiku amenewo sankakakamiza madokotala kutero.

Gey adakhala zaka zambiri akuyesa kusunga maselo a munthu kunja kwa thupi, koma onse ankafa pakapita masiku ochepa. Maselo a chotupa cha Henrietta adachita zina. Mary Kubicek, yemwe ankathandizira mu labotaleyo, adaona kuti chiwerengero chawo chinkawirikiza kawiri pafupifupi tsiku lililonse osatopa. Adawatcha HeLa, kuchokera ku zilembo ziwiri zoyamba za maina ake awiri.

Liwiro lomwe lidasangalatsa asayansi mu labotale ndi lomwelo lidali kumudya mwiniwake. Chotupa chidaoneka ngati chatha atachiwotcha, koma ululu udabwerera. Mu August adamugoneka m'chipatala ndipo sadatulukenso. Adamwalira pa 4 October 1951, patangotha miyezi 8 chipezekere ndi matendawa. Atamuyeza atamwalira adapeza kuti khansayo idali itafika pafupifupi paliponse m'thupi. Adaikidwa ku Clover m'manda opanda chizindikiro.

Mwina mukudabwa kuti khansa ya gawo loyamba idamupha bwanji msanga chonchi. Mbali ina ya yankho idadziwika patapita zaka pafupifupi 20, pomwe madokotala adaunikanso zomwe zidatengedwa zija n'kupeza kuti idali khansa ya mtundu wa adenocarcinoma, yoyambira m'maselo otulutsa chinyezi mkati mwa khomo. Mbali ina idabwera m'zaka za m'ma 1980. Wasayansi wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndi anzake adatulukira mitundu iwiri ya kachilombo, HPV 16 mu 1983 ndi HPV 18 mu 1984, ndipo kudapezeka kuti maselo a HeLa ali ndi zidutswa za HPV 18 mkati mwake. Mitundu iwiriyi ndi yomwe imayambitsa pafupifupi 70 mwa khansa 100 zilizonse za khomo la chiberekero. Zur Hausen adalandira mphoto ya Nobel mu 2008.

Selo labwinobwino limagawikana maulendo owerengeka, kenako limakalamba n'kufa. Lilinso ndi zoletsa zake zomwe zimaliimitsa likayamba kusokonekera. Kachilombo ka HPV kamapanga mapuloteni awiri, E6 ndi E7, omwe amathyola zoletsazo, ndipo selo limayamba kugawikana popanda malire. Izi ndi zomwe zidachitikira maselo a Henrietta.

Kafukufuku wa masiku ano wapita patsogolo. Asayansi aona kuti maselo a m'chotupa chimodzi safanana onse. Pali ochepa omwe amakhala ngati mbewu ya chotupacho: amatha kudzichulukitsa okha, kubala maselo ena onse, komanso kupirira mankhwala ndi mphamvu yowotchera ija. Amawatchula kuti cancer stem cells. Mukadula bulugama n'kusiya chitsa, mvula ikagwa chimaphukanso. Chotupa nachonso chingachepe kwambiri ndi mankhwala koma n'kuphukira pa maselo ochepa otsalawo.

Pofuna kuwazindikira, ofufuza amayang'ana zizindikiro zomwe maselowa amakhala nazo, monga mapuloteni otchedwa ALDH1, CD44, SOX2 ndi OCT4. Amatenga kachidutswa ka chotupa, kukapaka mankhwala osintha mtundu pomwe pali puloteniyo, n'kuona pa maikulosikopu. M'kafukufuku wosiyanasiyana, amayi omwe zotupa zawo zidali ndi zina mwa zizindikirozi zochuluka, makamaka ALDH1, kawirikawiri khansa yawo inkavuta kumva thandizo kapena inkabwerera. Cholinga n'choti tsiku lina dokotala azidziwiratu mayi wofunika thandizo lamphamvu kuyambira pachiyambi. Zambiri mwa zoyesera zimenezi zimachitikira pa maselo a HeLa omwewo. Pakadali pano kuyeza kotereku kukadali kwa ofufuza, ndipo chomwe dokotala amadalira kwambiri poona tsogolo la wodwala ndi gawo lomwe khansa yafika: kukula kwa chotupa, ndiponso ngati yalowa m'mwanabele kapena m'ziwalo zina.

Maselo a HeLa adagwira ntchito zinanso zambiri. Adathandiza poyesa katemera wa poliyo wa Jonas Salk mu 1954, komanso pa kafukufuku wa HIV ndi mankhwala a khansa. Makampani adayamba kuwagulitsa, pomwe ana a Henrietta ankakula movutika osadziwa kanthu. Adamva za nkhaniyi m'zaka za m'ma 1970, ofufuza atabwera kudzafuna magazi awo. Buku la Rebecca Skloot la mu 2010 lidabukitsa mbiriyi, ndipo chaka chomwecho manda ake adaikidwa mwala. Mu October 2021 bungwe la WHO lidamulemekeza ku Geneva pamaso pa banja lake. Lero mukamapemphedwa kusaina kapena kudinda chala musanalowe m'kafukufuku wa zachipatala, dziwani kuti muli ndi ufulu wofunsa komwe magazi kapena kachidutswa kanu kakupita, ngakhalenso kukana.

Kuno kwathu khansayi ndi yomwe imapha amayi ambiri kuposa ina iliyonse. Chiwerengero cha mu 2020 chidaonetsa kuti amayi oposa 4,000 amapezeka nayo pachaka m'dziko muno, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Ambiri amafika kuchipatala itakula kale. Komatu inu muli ndi mwayi womwe Henrietta adalibe. Kuchokera pomwe HPV yalowa m'thupi, pamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti khansa ipangike, kapena zaka 5 mpaka 10 kwa mayi yemwe chitetezo chake n'chofooka. Mkati mwa zaka zimenezi namwino angathe kupaka viniga pa khomo la chiberekero, n'kuona malo omwe asanduka oyera, ndipo malowo angathe kuwotchedwa kapena kuumitsidwa ndi chida tsiku lomwelo asanasanduke khansa.

Choncho ngati muli ndi zaka za pakati pa 25 ndi 49, funsani pachipatala chanu tsiku lomwe amayeza. Ngati muli ndi HIV, chiopsezo chanu n'chokwera kasanu ndi kamodzi, ndiye muziyezetsa pafupipafupi monga akuuzirani komwe mumalandirira ma ARV. Mukaona magazi mutagona ndi abambo, magazi mutasiya kale kusamba, kapena chikazi chonunkha, musadikire tsiku la sikelo. Ofunika thandizo lalikulu amatumizidwa ku Gulupu, komwe unduna wa zaumoyo udayamba kugwira ntchito ya khansayi limodzi ndi bungwe la MSF mu 2018. Abambo nanunso muli ndi gawo: ndalama ya kabaza ndi mawu olimbikitsa zimachokera kwa inu nthawi zambiri.

Katemera wa HPV adayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu January 2019 kwa atsikana a zaka 9. Ngati wanu adaphonya, tengani buku lake la kuchipatala mukaonane ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu sabata ino.