Maimonides, wothawa kwawo amene adatchinjiriza zilembo za Tora

M'matchalitchi a ku Chikwawa ndi Nsanje, monganso kwina kulikonse m'dziko muno, mabuku asanu a Mose amawerengedwa m'Baibulo losindikizidwa ndi makina. M'sunagoge wa Ayuda mabuku omwewa, amene iwo amawatcha Tora, amawerengedwa mumpukutu wachikopa wolembedwa pamanja, wa zilembo 304,805. Chilembo chimodzi chikasowa, mpukutu wonsewo suloledwa kuwerengedwa pagulu kufikira utakonzedwa. Mmodzi mwa anthu amene adasanja bwino malamulo amenewa ndi Moses ben Maimon, wodziwika ndi dzina lakuti Maimonides.

Iye adabadwira mumzinda wa Córdoba ku Spain cha m'ma 1138. Bambo ake adali woweruza milandu ya Ayuda. Mu 1148 mzindawo udalandidwa ndi gulu lankhondo la Almohad, limene silinkalola Ayuda ndi Akhristu kupembedza mwaufulu. Banjalo lidasamuka, nkumayendayenda zaka zambiri, kenaka lidakakhala ku Fez m'dziko la Morocco. Mu 1165 lidakwera ngalawa kupita ku Acre, lidakaona Jerusalem ndi Hebron, ndipo pomaliza lidakhazikika ku Fustat, dera limene lero lili mbali ya mzinda wa Cairo ku Egypt.

Kumeneko mng'ono wake David, amene ankasamalira banjalo ndi malonda a miyala yamtengo wapatali, adamira m'nyanja ali paulendo wa ku India. Chisoni chidamugoneka Maimonides pafupifupi chaka chathunthu. Popeza ankakana kulandira malipiro pophunzitsa Tora, adasankha kudya thukuta lake monga dokotala, ndipo adafika pochiza akuluakulu a kunyumba ya mfumu Saladin.

Munthu amene adaona Ayuda atabalalika m'maiko ambiri ankadziwa kuti mwambo wosalembedwa bwino umatha kusokonekera. N'chifukwa chake adatha zaka pafupifupi khumi akulemba Mishneh Torah, ntchito ya mabuku 14 m'Chiheberi chosavuta, imene adaimaliza cha m'ma 1180. M'menemo adasonkhanitsa malamulo amene adali apa ndi apo m'mabuku akale a aphunzitsi achiyuda. Malamulo a mpukutu adawaika m'buku lachiwiri, lotchedwa Buku la Chikondi.

Malamulowo amayambira pachikopa. Chiyenera kukhala cha nyama yololedwa kudya, monga ng'ombe, nkhosa kapena mbuzi, ndipo wochifufuta azidziwa kuti akuchikonzera ntchito yopatulika. Inki ikhale yakuda, mizere ilembedwe kaye pachikopapo, ndipo zikopazo zisokedwe ndi mitsempha ya nyama yololedwa. Mlembi salemba zapamtima, koma amakopera m'buku limene lili patsogolo pake. Akafika pa dzina la Mulungu, mtima wake wonse ukhale pamenepo, moti ngakhale mfumu itamupatsa moni sayenera kuyankha asanamalize. Maimonides adatchula zinthu 20 zimene zimalepheretsa mpukutu kuwerengedwa pagulu, kuphatikizapo chilembo chosowa, chilembo choonjezera ndi zilembo ziwiri zokhudzana.

Vuto lina lidali la mipata ya pakati pa ndime. Mipukutu ya m'nthawi yake inkasiyana pa malo oyambira ndime yatsopano, ndipo alembi sankagwirizana. Maimonides adatsamira pa buku lotchuka limene lidali ku Egypt, lomwe katswiri wa ku Tiberias, Aaron ben Asher, adalipenda mosamala cha m'ma 930. Kuchokera m'bukulo adalemba mndandanda wa ndime zonse za Tora, ndipo iye mwini adalemba mpukutu wake potsata bukulo. Akatswiri ambiri amavomereza kuti bukuli ndi lija lotchedwa Aleppo Codex. Lidaonongeka pa zipolowe za mumzinda wa Aleppo ku Syria mu 1947 ndipo lidafika ku Israel mu 1958, masamba ambiri a Tora atasowa. Motero mndandanda wa Maimonides udasanduka mboni ya zimene zidali m'masamba otayikawo.

Mpukutu ukalembedwa, ulemu wake umapitirira. Anthu amaimirira ukamadutsa. Suponyedwa, sulowa nawo m'chimbudzi kapena mosambira, ndipo munthu sakhala pabedi pamene pali mpukutu. Wapaulendo sauika m'thumba pamsana pa bulu nkukwerapo, koma amaufungatira pachifuwa, pokhapokha ngati akuopa achifwamba. Kuugulitsa n'koletsedwa, kupatula ngati munthu akufuna ndalama zophunzirira Tora kapena zokwatirira. Lamulo la bulu lija likuonetsa kuti malamulowa ndi a anthu amene ulendo ndi zoopsa zam'njira sizidali zachilendo kwa iwo.

Ngakhale mpukutu wotha ntchito sutayidwa kudzala. Umaikidwa m'mbiya yadothi nkukwiriridwa pafupi ndi manda a munthu wophunzira Tora. Kwa anthu a m'chigwa cha Shire, amene madzi osefukira a mu 2015 ndi namondwe Freddy mu 2023 adawaonongera nyumba ndi katundu, funso la chochita ndi buku lopatulika lonyowa ndi long'ambika si lachilendo. Ayuda adaliyankha kalekale poliona buku lotere ngati mkulu amene wamwalira, woyenera maliro aulemu.

Si onse adakondwera ndi ntchito yake. Mphunzitsi wina wa ku France, Abraham ben David, adamudzudzula kuti ankagamula malamulo osatchula kumene wawatenga. Buku lake lina, Guide for the Perplexed, limene adalilemba m'Chiarabu cha m'ma 1190 pofuna kugwirizanitsa chikhulupiriro ndi nzeru za anthu oganiza mozama, lidautsa mkangano umene udapitirira iye atamwalira. Komabe alembi ndi oweruza achiyuda a m'mibadwo yotsatira sadaleke kufunsira ku Mishneh Torah.

Maimonides adamwalira ku Fustat mu December 1204, ndipo manda ake ali ku Tiberias, mzinda wa Ben Asher. Mwambo wosataya zolembedwa zopatulika udasunganso zolemba zake. Ayuda a ku Fustat ankaunjika mapepala akale m'chipinda china cha sunagoge wa Ben Ezra. Solomon Schechter atatengera ambiri mwa mapepalawo ku Cambridge mu 1897, pakati pake padapezeka makalata ndi masamba olembedwa ndi dzanja la Maimonides mwini, ena ali ndi mawu amene adafufuta ndi kukonza.