Mbusa John Chilembwe ndi Sukulu ya ku Mbombwe

Mbusa John Chilembwe anabadwa cha m'ma 1871 m'dera la Chiradzulu. Mu 1892 anayamba ntchito kwa Joseph Booth, amene anawatenga kupita ku America mu 1897. Kumeneko anaphunzira za ubusa mumzinda wa Lynchburg.

Atabwerera kwawo mu 1900, anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Cholinga chawo chinali chakuti munthu wakuda adziimire payekha, asathere moyo wake pa thangata m'minda ya azungu. Ana ankaphunzira kuwerenga, kulemba, ulimi ndi ntchito za manja, pomwe Mayi Emma DeLany ndi Mayi Ida Chilembwe ankaphunzitsa atsikana kusoka.

Pa 23 Januwale 1915 a Chilembwe anatsogolera kuukira atsamunda, ndipo anaphedwa pa 3 Febuluwale. Boma linagumula tchalitchi chawo n'kutseka mishoni, kufikira pamene Dr Daniel Malekebu anadzaitsegulanso mu 1926.

Mabanja ofuna kudziwa za makolo awo amene anaphunzira ku Mbombwe ayambe ndi kufunsa akuluakulu kumudzi. Mayina ena anasungika m'zikalata za milandu ya 1915, kumalo osungirako zolemba zakale za boma ku Zomba.